Timaluwa ta Kuphiri pa Manda a Bambo

Ine ntchito yanga ndi pakamwa. Ndimagulitsa nsapato za kaunjika pa renki ya mabasi ku Chipinge, ndipo pa zaka zonse zimene ndakhala pamenepo sindikumbuka tsiku limene ndinagula kanthu pa mtengo umene mwini wake anayamba kutchula. Ngakhale bokosi la maliro a bambo anga ndinanenerera. Kalipentala anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndili ndi mtima, ine n'kumuuza kuti mtima ndili nawo, koma thabwa lake la kumapazi lili ndi mfundo. Anatsitsa. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtundu wa munthu amene anapatsidwa ntchito yopulumutsa manda.

Bambo anabadwira m'komboni ya esiteti ya tiyi ku Honde, makolo awo atabwera wapansi kuchokera ku Mulanje. Anagwira ntchito yodulira tiyi mpaka msana unapindika. Esiteti ili ndi manda ake kuseri kwa minda, kumene amaika ife anthu opanda mudzi, ndipo kumeneko udzu ukamera mvula ziwiri palibe amene angakulozere kuti apa pagona uje. Bambo anakana kukagona kumeneko. Ankati msana anapereka, mafupa ayi. Ndiye anapangana ndi sahwira wawo, mbadwa ya komweko ya mtundu wa Amanyika, mwini munda wa nthochi kumtunda kwa Ruda. Sahwira kuno ndi bwenzi lija limene limakutukwana uli moyo n'kudzakuika ukafa. Iyeyo anawapatsa kamalo kumapeto kwa munda wake, pamwamba penipeni, potsetsereka. Lamulo linali limodzi lokha: pasamangidwe simenti. Simenti pa malo a mwini ndi ngati kusaina dzina, mawa ana ako adzati mpawo.

Tinawaika pamenepo, tinaunjika dothi, tinazunguliza miyala. Patapita zaka zingapo sahwira uja anawatsatira, munda n'kutsala ndi mwana wake, mnzanga wa msinkhu wanga, amene tinkakhala benchi imodzi kusukulu ndipo mpaka lero amanditchula Mubhurandaya, dzina limene amatinyoza nalo ife a magazi a ku Malawi. Akalitchula iyeyo sindimva kuwawa.

Chaka china mvula inagwa yoipa. Itangotha, mnzangayo anandiimbira foni ndili pa renki, nsapato imodzi m'manja.

"Mubhurandaya, bwera udzawaone bambo ako," anatero. "Ayamba ulendo wotsika."

Ndinaseka, poti ndi mmene timayankhulirana. Iye sanaseke.

Kuchokera ku Chipinge kukafika kumeneko ndi mabasi awiri, kusinthira ku Mutare, kenako ola lathunthu wapansi kukwera chitunda. Nditafika ndinapeza madzi atang'amba chigwembe m'mbali mwa manda. Ngodya ya kumapazi inali itapita, miyala itagubudukira mu nthochi. Ndinagwada n'kulowetsa dzanja m'dzenjemo, linalowa mpaka m'chigongono, ndipo ndinalichotsa msanga poopa chimene ndingakhudze. Kumunsi kwa manda, mwina mapazi makumi atatu, kuli kasupe amene banja la mnzangayo limatungapo madzi akumwa. Mkazi wake anali atasiya kale kutungapo. Ankapita kutsidya, kutali, ndi mwana kumsana.

Mnzangayo anandiuza zonse atakhala pa mwala, osandiyang'ana. Anati bambo ake anapereka malowo ndi mtima wonse ndipo iye sakufuna kuwachititsa manyazi, koma sangadikire tsiku limene ana ake adzatole fupa pa kasupe. Mvula ikubwerayo ikatsegulanso mandawo, tiwafukule, apite ku manda a esiteti. Ndinafunsa za simenti, anakana. Ndinafunsa za mtengo, anati mtengo ndi simenti yophuka masamba, ndiponso mizu yake idzamwa kasupe. Kapinga anakana poti amayanga n'kulowa mu nthochi. Udzu wautali umene amadzala m'migula ya tiyi iye analola, koma amayi anga, amene amakhala ndi mlongo wanga kumunsi ku Ruda, anaukana ndisanamalize n'chiganizo chomwe. Anati manda a m'thengo la udzu ndi a munthu amene sanabereke.

Tinakumba ngalande kumtunda kuti madzi azipatuka, tinabwezera dothi ndi miyala. Koma dothi lofiira lija linali lamaliseche, ndipo aliyense wolima potsetsereka amadziwa chimene mvula imachita ndi dothi lamaliseche. Pankafunika chinthu chachifupi, chogwira nthaka, chosayanga m'munda wa eni, chooneka ngati pali anthu osamala. Ndinabwerera ku Chipinge ndili ndi mndandanda wa zoletsedwa basi.

Chinthucho ndinachipeza mwangozi. Mwezi wotsatira ndinadzera msewu wa kumtunda, wa kumapiri ozizira kumene mpweya umaluma makutu, ndipo kombi yathu inaima kuti injini ipume. Tsidya la msewu panali nazale ya mdala wina, ndipo kuseri kwake kunali chipupa cha dothi chotsetsereka kuposa manda a bambo. Chipupa chonsecho chinali chitafunda. Kanthu kake kanali kachitsamba kosafika n'komwe pa katumba, masamba ake tating'ono ngati nsonga za singano, kothinana moti chala sichimafika pansi, ndipo pamwamba pake timaluwa tofiirira ngati timabelu, tambirimbiri. Ndinakoka nthambi imodzi, chipupa sichinagwedezeke. Mtima unagunda. Ndiye ndinachita chimene ndimachita mtima ukagunda: ndinakwinya nkhope n'kuyamba kuyang'ana mbande za mapeyala.

Mdalayo anali wa ku Mozambiki, chiNyanja chake cha ku Tete, ndipo anali atagwira ntchito ya m'maluwa zaka zambiri m'nyumba za kumapiriko. Dzina la kachitsambako anatchula lachizungu, lomveka ngati la mtsikana, ndipo ndinaliiwala ndisanawoloke msewu. Nditafunsa mtengo ngati munthu wongocheza, anautchula, kenako anayamba kufotokoza. Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha.

Muyenera kumvetsa kuti pa renki mawu alionse otuluka m'kamwa mwa wogulitsa ndi nyambo. Ine ndikati nsapato iyi siifuna polishi wamba, ndiye kuti polishi ndili naye m'chikwama. Ndiye mdala uja atati kachitsambaka sikafuna manyowa, ine mumtima ndinati, eya, tamva, tiyeni nazo. Atati kamafuna dothi lowawasa la pansi pa mitengo ya paini, ndinayang'ana kumbali n'kuona matumba a dothilo atasanjidwa, ndinati, si izo. Atati kamachedwa kukula, ndinamva kuti akufuna ndigule tambiri. Atandifunsa kumene ndikukadzala, ndinati pabwalo chabe, mkazi wanga amakonda maluwa. Wogulitsa akadziwa kuti uli pa moto, mtengo umakwera. Anayamba kunena za phulusa, ine ndinali nditayamba kale kuyenda kulowera ku kombi, pang'onopang'ono, mutu utapendeka, khutu limodzi kumbuyo. Njira imeneyo sinandigwiritsepo mwala. Anandiitana ndili pakati pa msewu.

Ndinam'gwetsa pafupifupi ndi theka. Analongedza machubu makumi anayi m'makatoni awiri osanenanso kanthu. Kukhala chete kwakeko ndinakutenga ngati ulemu umene wogonja amapereka. Pomaliza ndinapempha mbasera, anandipatsa kamodzi kofota, ndinakalandira ndi manja awiri. Mu kombi ndinawasimbira anthu mmene ndam'chitira mdala.

Ndinadzala mu Juni, ndekha, mmene timadzalira chilichonse chimene tikufuna chikule msanga. Maenje akuya. Pansi manyowa a nkhuku, amene ndinawapeza ndi pakamwa m'khola la mnzanga. Pamwamba pa manyowa phulusa lodzaza dzanja, loteteza chiswe, poti ndi mmene ndinkaonera anthu akudzala mapeyala. Kenako kachibakera ka fetereza wotsala ku chimanga. Ndinayambira kumapazi, kumene kunali ngozi, ndipo kumeneko ndinathira mosaumira. Pofika kumutu zonse zinali zitatha. Tisanu ndi tiwiri tomaliza ndinangotikwirira m'dothi lofiira la timiyala, popanda kanthu, ndipo ndinapepesa kwa bambo kuti kumutu kwawo ndawamana. Mkazi wa mnzanga anavomera kumathirira, ine n'kum'bweretsera nsapato za tenesi zoyera, zabwino, zimene ndikanagulitsa tsiku lomwelo.

Milungu isanu ndi umodzi ndinagona bwino. Ndinkauza anzanga pa renki kuti bambo anga agona m'maluwa ngati mzungu.

Mu Ogasiti mnzanga anaimba n'kunena kuti maluwa anga asintha mtundu. Ndinapita. Nsonga zinali zitapsa ngati zawauka ndi moto, kuyambira kumapazi. Ndinaima n'kuganiza ngati dokotala, ndipo ndinapeza kuti mbewu ikafiira ndiye kuti ili ndi njala. Ndinatsika ku sitolo, ndinagula fetereza wina, nditanenerera ndithu, n'kukathira. Tija ta kumutu tinali tobiriwira, ndiye sindinatipatse, ndinati tidikire anzawo akhute.

Pofika kumapeto kwa Seputembala, makumi atatu ndi tinayi tinali titafa, ka mbasera komwe. Ndinkati ndikagwira, nthambi n'kuthyoka ngati machesi. Ndinazula kamodzi n'kupeza mizu yakuda, yosatuluka n'komwe m'mene inathera chubu. Dothi linali lamaliseche monga kale, koma tsopano lofewa, poti ndinali nditalikumbakumba maenje makumi anayi. Ndinali nditawakonzera madzi njira.

Okutobala ku Honde amatentha ngati ng'anjo, ndipo masana aliwonse mitambo imaunjikana pa phiri n'kumwazikanso. Ndinasiya kugulitsa bwino. Munthu ankati akanena mtengo wake wachipongwe ndinkangom'patsa nsapato, maso ali kumwamba. Anzanga anayamba kufunsa ngati ndikudwala. Ndinkaganiza za thabwa lija la kumapazi, la mfundo lija, limene ndinatsitsira mtengo. Ndinkaliona likutuluka m'dothi.

Mnzanga anandiuza kuti anapita kale kukafunsa za mapepala ofukulira maliro, kuti zinthu zikavuta tisadzayambe kuthamanga mvula ili mkati. Anandionetsa, atawapinda kanayi. Ndinayamba ntchito yanga. Ndinati ndim'mangira kasupe ndi simenti, ndi paipi, ulere. Anati madzi adzakhala omwewo. Ndinati ndiveka ana ake onse nsapato za sukulu mpaka amalize. Ndinati ndigula kamaloko, atchule yekha. Ndinatsitsa mawu, ndinakweza mawu, ndinatchula bambo ake, mpaka ndinaimirira n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku njira, mutu utapendeka. Sanandiitane. Ndinayenda mpaka pa nthochi yomaliza n'kubwerera ndekha.

"Izi si za pa renki, shamwari," anatero. "Palibe chimene ndikugulitsa."

Amayi ndinali ndisanawauze. Nthawi zonse ndinkawanamiza kuti maluwa akukula. Mawondo awo anatha kalekale ndi madengu a tiyi, ndipo chitunda chija anali asanakwere chiikireni bambo. Tsiku limenelo ndinatsika, ndinakhala pa khonde la mlongo wanga, ndinanena zonse, ndi za mapepala zomwe. Anamvetsera akusenda nyemba. Kenako anati mawa ndiwaperekeze kumandako.

Ndinabwereka wilibala. Anakwera mpaka pamene nyumba za anthu zimayambira, pamenepo anatsika n'kunena kuti sanafe, asawaone akukankhidwa ngati thumba la chimanga. Kotsalako anayenda ndi ndodo, kupuma pa mwala uliwonse. Tinatenga maola atatu.

Atafika sanalire. Anapereka moni kwa bambo monga ankachitira akabwera kuchokera ku ntchito, kenako anawerama, anatapa dothi la m'dzenje limodzi, analifikisa pa zala, analinunkhiza. Anandifunsa chimene ndinaikamo. Ndinatchula manyowa, anagwedeza mutu. Ndinatchula fetereza. Nditatchula phulusa anataya dothi lija pansi.

"Iwe," anatero, "mwana wa wodulira tiyi, kuika phulusa?"

Ndinati uyu si tiyi.

Anati ndi m'bale wake, ndikanakhala ndi maso ndikanaona. Chilichonse chokonda kumtunda kwa nkhungu, kumene kumagwa chiperoni chija anthu akuno amati guti, chimadya dothi limene tiyi amadya. Anandifunsa ngati ndikukumbuka mabala aja a m'minda ya esiteti, malo ozungulira pamene tiyi amakana kumera ngakhale abwezeretse kangati. Ndinkawakumbuka, tinkasewerapo. Anati pamenepo panali nyumba za anthu kalekale, esiteti isanabwere, ndipo chimene tiyi amakana ndi phulusa la pa moto wawo. Anthuwo anachoka agogo anga asanafike, koma phulusa lawo likadali kukana tiyi. Mwana aliyense wa m'komboni amadziwa zimenezo. Ine ndinathawa m'komboni ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kumadzitama kuti sindinathyolepo tsamba.

Anandifunsa ngati wogulitsayo sanandiuze. Ndinati anayamba kunena.

"Ndiye iwe unali kuti?"

Ndinati ndinali pakati pa msewu.

Sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana. Anakhala pansi pafupi ndi tija tisanu ndi tiwiri ta kumutu, timene ndinatimana, ndipo anayamba kutigwiragwira ndi zala zawo zopindika. Kenako anandituma kukadula timitengo tokhala ndi mphanda, kutalika ngati chikhatho, tambiri. Ali mtsikana, asanapite kothyola, anagwira zaka zinayi m'minda ya tiyi wamng'ono, ndipo ntchito yawo inali yokhomera. Tiyi ukamusiya amakula chowongoka ngati mtengo. Ndiye ankapinda nthambi zake n'kuzikhomera pansi ndi tingowe kuti chitsamba chitambalale. Anati nthawi zina nthambi yokhomeredwa ikakhudza dothi lonyowa inkatulutsa mizu yakeyake, kapitawo n'kumakalipa. Apa kapitawo palibe.

Anatenga nthambi imodzi, anaigoneka pansi mosamala kulozetsa kumapazi, anaipana ndi kangowe, anathira dothi pang'ono pakati pake n'kusiya nsonga ili kunja. Anachita chimodzimodzi ndi ina. Ine nditayesa ndinathyola ziwiri, anandimenya padzanja n'kundiuza kuti ntchito yanga ikhale yopatsira. Tsiku lonse ndinaima pambali ngati mwana, kupatsira tingowe. Pofika madzulo kachitsamba kalikonse kanali katatambasula manja ngati nkhanu.

Ndinafunsa ngati zigwira mvula isanabwere. Anati ayi. Mizu idzatuluka mwina mvula ikamatha. Pakali pano ndipale dothi lonse limene ndinaliwononga, ndikalitaye kutali ndi kasupe, ndibweretse lofiira la kumtunda. Ndikapemphe nthambi zodulira kwa anthu olima tiyi wawowawo kutsidya, ndiziyale chopingasa pa dothi lonse n'kuzikhomera ndi zikhomo, monga bambo ankayalira m'mizere akatha kudulira. Ndipo ndibwerere kwa mdala uja.

Chomaliza ichi n'chimene chinandilemera kuposa matumba a dothi.

Mdala anandizindikira ndikutsika kombi. Anapitiriza kuthirira mbande zake. Ndinam'patsa moni, ndinavula chipewa, ndinati ndabwerera tija. Anafunsa ngati mkazi wanga wakonda maluwa. Ndinati timaluwa tija tinafa. Anati ankadziwa. Anali atatsala ndi khumi ndi tiwiri tokha, ndipo anatchula mtengo uja woyamba, wathunthu. Pakamwa panga panatseguka pokha. Lilime linali litayamba kale kunena kuti kachitatu kuchokera kumanzere kakuoneka kodwala. Ndinaliluma mpaka ndinamva mchere. Ndinati chabwino.

Anandiyang'ana ngati ndagwa m'mwamba. Ndiye ndinamuuza zoona, za manda, za kasupe, za mapepala. Anaika chitini chake pansi.

"Mwana wanga, bwanji sunanene tsiku lija?"

Ndinati ndinkaopa kuti akweza.

"Ndikanakuletsa kugula makumi anayi," anatero. "Ndikanakupatsa khumi n'kukuuza zochita."

Anandikhazika pa chitsa n'kuyamba pachiyambi, ndipo ulendo uno ndinamva liwu lililonse. Dzenje losaya, khosi la mbewu lisakwiririke. Madzi a mvula kapena a kasupe, pang'ono koma kawirikawiri. Manyowa ayi, phulusa ayi, fetereza ayi. Ananenanso zimene wogulitsa sanena: kuti kachitsambaka n'ka kozizira, ku chigwa kwenikweni sikangapirire, ndipo ngati tija tisanu ndi tiwiri tili moyo ndi chifukwa manda ali pamwamba pofika nkhungu. Kuti kafunditse malo onse padzapita mvula zitatu, mwina zinayi. Sanandilonjeze kanthu. Thumba la dothi la pansi pa paini anandigulitsa pa mtengo wake wonse, osachotsa, ndipo ndinalisenza pamutu kukwera chitunda chonse chija. Ine, munthu wa pa renki, kugula dothi.

Ndinadzala khumi ndi tiwirito m'mbali mwa kumapazi, pakati pa nthambi za tiyi zoyala. Manda anaoneka ngati chisa cha khwangwala. Mnzanga atabwera kudzaona anati bambo anakana manda a esiteti koma taonani agona chofunda tiyi. Amayi atamva anati tiyi ameneyu ndi wa anthu, si wa kampani.

Mvula yeniyeni yoyamba inandipeza komweko, masana a Loweruka lina kumapeto kwa Novembala. Tinali awiri ndi mnzanga, titabisala pansi pa nthochi, pulasitiki imodzi pamitu. Poyamba ngalande ya kumtunda inagwira ntchito, madzi n'kumapatuka. Kenako inadzaza n'kusefukira, ndipo madzi ofiira anatsika molunjika pa manda. Ndinaona nthambi za tiyi zikunyamuka, zikugwedezeka pa zikhomo zake, zikukhalanso. Matope ankaima kuseri kwa nthambi iliyonse. Koma ku ngodya ya kumapazi chikhomo chimodzi chinazuka, mwala waukulu n'kuyamba kupendekeka. Sindikudziwa mmene ndinafikira. Ndinangopezeka ndagwada m'matope, phewa pa mwala, madzi akulowa m'khosi mwa malaya, ndikuwauza bambo kuti adikire, asafulumire, tikambirane. Ndinanenerera ndi mvula, ndi mwala, ndi Mulungu yemwe. Ndinalonjeza zinthu zimene sindingazilembe pano. Mnzanga anabwera ndi khasu n'kukatsegula ngalande, madzi anachepa, ine ndinakhalabe pomwepo mpaka phewa linachita dzanzi.

Mvula itakata, tinayang'ana. Dothi lokwana chikhatho linali litachoka pa ngodya, ndi timbande titatu tatsopano. Thabwa silinaoneke.

Dzinja lonse ndinkapita milungu iwiri iliyonse, kukhoma zikhomo, kubwezera nthambi, kutsegula ngalande. Malo anga pa renki anatsala pang'ono kutengedwa ndi wogulitsa malamba. Tiwiri tina tinafa ndi kutentha kwa Januwale popanda chifukwa chimene ndingadziimbe nacho mlandu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa zija ndinapha ndekha.

Mu Epulo amayi anakweranso, ulendo uno analola wilibala mpaka pamwamba. Mnzanga anabwera, mkazi wake ataima chapatali. Amayi anapita ku nthambi yoyamba ija anakhomera, anazula kangowe, n'kuikoka pang'ono. Siinadzuke. Anakoka yachiwiri, inadzuka, yopanda muzu. Yachitatu inakana. Anapitiriza choncho kuzungulira, ndipo zokana zinaposa zodzuka, koma osati kwambiri. Kumutu kunali kabulangete kobiriwira kokwana mwana wakhanda, ndi timaluwa towerengeka. Kwina konse kunali nthambi za tiyi zowola ndi dothi lofiira likusuzumira.

Mnzanga anazungulira manda kawiri, anaponda pa ngodya ya kumapazi ndi chidendene, anayang'ana kwa mkazi wake. Mkaziyo anati pa kasupe sayamba kutunga, aone kaye. Ndiye mnzanga anati mapepala sawang'amba, awasunga m'Baibulo, koma sawapereka chaka chino.

"Mvula imodzi ina, Mubhurandaya," anatero. "Kenako tidzaonanso."

Mdala wa nazale uja anali atanena zitatu, mwina zinayi. Ndinkadziwa mmene ndingayambire: kuseka pang'ono, kunena kuti imodzi ndi yochepa kwa ana a masahwira, kutchula zinayi kuti tikumane pa ziwiri. Mawu anali atafika kale pa mano. Amayi anali akukhomeranso nthambi ija inadzuka, osandiyang'ana, dzanja lawo lamanzere litatambasukira kwa ine kudikira kangowe.

Ndinati chabwino, imodzi. Ndinawerama n'kuwapatsira.